Makalata apachibale a anthu olimbana ndi ukapolo aja, timawawerengeranji?

Funso lachokera kwa mphunzitsi wina wa History ku sekondale. Akuti pokonzekera phunziro la kutha kwa malonda a akapolo anadabwa kuona akatswiri akutaya nthawi ndi makalata omwe a Wilberforce, phungu wa ku Britain wotsogolera nkhondo yolimbana ndi ukapolo, ndi anzawo ankalemberana ndi azikazi awo, alongo awo ndi azilamu awo, nkhani za matenda, maukwati ndi maliro. Ndiye akufunsa kuti kodi uku sikungosuzumira m'nyumba za eni, pomwe malamulo ndi zaka zake tikuzidziwa kale? Komanso ngati anthuwa anali pachibale chonchi, sikanali kagulu chabe ka mabanja olemera, nanga akapolo eni akewo mawu awo ali kuti?

Aphunzitsi, inenso ndili pa sukulu ndinkaganiza ngati inu, kuti nkhaniyi ndi zaka ziwiri basi, 1807 Britain aletsa malonda a akapolo, 1833 aletsa ukapolo weniweniwo m'maiko omwe ankalamulira, mwana aloweze akakhoze mayeso. Nditayamba kuwerenga makalata enieniwo ndi pomwe ndinaona kuti zaka ziwirizi ndi denga chabe, mizati yake ili m'makalata omwe mukuti ndi a m'nyumba za eniwo. Anthuwa analibe likulu ngati la mabungwe a masiku ano, la magalimoto ndi antchito apamwezi. Ofesi yawo inali tebulo lodyera, sekilitale anali mwana wamkazi wa m'nyumbamo, ndipo kalata yoyamba ndi chifuwa cha mwana imakathera pa aphungu angati omwe avomera kuvota nawo sabata ya mawa. Zonse zili papepala limodzi, simungadule gawo lina nkumati ili ndi la mbiri ili ndi la pakhomo.

Kalatayo payokha ana anu a WhatsApp sangaimvetse mukapanda kuwafotokozera. Chisanafike chaka cha 1840 ku Britain kunalibe sitampa, nthawi zambiri wolipira anali wolandira, ndipo mtengo unkatengera kutalika kwa ulendo ndi kuchuluka kwa mapepala. Nde munthu ankalemba pepala kudzadza, kenako nkulitembenuza chammbali nkulembanso mizere ina yodutsana ndi yoyamba ija. Ndinaionapo pafupi kalata yotere, maso amachita kuwawa, umawerenga chala chili pamzere pomwepo kuopa kusochera, inki itafiira ngati tiyi. Pepala lomwelo ankalipinda nkulimata ndi phula, envulopu zinabwera mochedwa. Aphungu okha ndi akuluakulu ena ndi amene ankatumiza ulere akangosaina dzina lawo kunja, ndiye banja lokhala ndi phungu linali ngati lili ndi positi ofesi yakeyake. Komanso kalata sinali ya munthu mmodzi, ikafika ankaiwerenga mokweza pabalaza onse ali phee, wina nkukopera ndime yofunika nkuitumiza kwa msuweni wa ku tawuni ina. Nkhani zinkayenda choncho.

Komiti yoyamba yolimbana ndi malonda a akapolo inakumana pa 22 May 1787 mu shopu yosindikiza mabuku ya James Phillips ku London, amuna 12, ndipo 9 mwa iwo anali a mpingo wa Quaker. Sizinangochitika mwangozi izi. Ma Quaker nthawi imeneyo ukakwatira kunja kwa mpingo ankakuchotsa, ndiye mabanja awo anali olukanalukana ngati mkeka m'dziko lonse la England, ndipo anali ozolowera kale kulemberana. Thomas Clarkson, yemwe iyeyo sanali Quaker, anayamba kuzungulira madoko pa hatchi kufunafuna amalinyero oti apereke umboni wa zomwe zinkachitika m'sitima za akapolo, anayenda mamailosi pafupifupi 35,000 m'zaka 7, ku Liverpool anthu anatsala pang'ono kumukankhira m'madzi. Munthu wodedwa chotere akafika tawuni yachilendo amagona kuti? Ankagogoda pakhomo pa munthu yemwe walandira kale kalata yochokera kwa m'bale wake yomutchula.

Gulu lina ndi lija la ku Clapham, komwe nthawiyo kunali kamudzi kumwera kwa London. Apa ndiye chibale chake mumafunika pepala ndi pensulo. William Wilberforce ankakhala nyumba imodzi ndi msuweni wake Henry Thornton wa banki kuyambira 1792 onse asanakwatire. James Stephen, loya yemwe anakhalapo ku St Kitts nkuona ukapolo ndi maso ake, anakwatira mlongo wake wa Wilberforce, Sarah, mu 1800, ndipo mwana wake wa Stephen yemweyu, James nayenso, ndi amene anadzalemba bilu ya 1833. Zachary Macaulay ndi amene amandigwira mtima. Anapita ku Jamaica ali mnyamata wa zaka 16 kukagwira ntchito pa munda wa nzimbe wa akapolo, anazolowera nkhanzazo, atabwerako anakakhala kwa mlamu wake Thomas Babington yemwe anakwatira mlongo wake Jean, ndipo m'nyumba ya mlamuyo ndi momwe anatembenukira. Anadzakhala bwanamkubwa wa Sierra Leone, ndipo zambiri zomwe tikudziwa za Freetown ya m'ma 1790, ndi mikangano yomwe yake ndi akapolo omasulidwa ochokera ku Nova Scotia omwe ankamuona kuti ndi wolamula molimba, zili m'makalata ataliatali omwe ankalembera Thornton ndi chibwenzi chake Selina Mills. Taonani, kalata ya kwa chibwenzi yasanduka gwero la mbiri ya Africa.

Chinanso chomwe malamulo sangakuuzeni ndi choti anthuwa anapirira bwanji kugonja kwa zaka 20. Mu 1791 anagonja ndi mavoti 163 kwa 88. Mu 1796 anagonja ndi mavoti 4 okha, ena mwa owathandiza atapita kukaonera zisudzo usiku umenewo. Munthu amafooka. Wilberforce yemweyo mu December 1785 ankafuna kusiya ndale, analembera mwachinsinsi John Newton, m'busa yemwe kale anali kaputeni wa sitima ya akapolo, kupempha kuti aonane ndipo wina asadziwe, Newton ndi amene anamuuza kuti akhalebe mu nyumba ya malamulo. Pa 24 February 1791 John Wesley, woyambitsa mpingo wa Methodist, nkhalamba ya zaka 87, anamulembera kuti ngati si Mulungu wakudzutsa pa ntchitoyi adani akutopetsa, koma usafooke. Patangotha masiku 6 Wesley anamwalira. Pomwe voti ya February 1807 imadutsa ndi 283 kwa 16, kumbuyo kwake kunali mulu wa makalata otere, olimbitsana mtima ndi okumbutsana.

Koma banja lomwe ndimafuna mulidziwe bwino ndi la Buxton ndi Gurney ku Norfolk, chifukwa apa ndi pomwe yankho la funso lanu likuonekera poyera. Pa 24 May 1821 Wilberforce, atakalamba ndipo maso akuvuta, analembera Thomas Fowell Buxton, phungu wa Weymouth, kumupempha kuti asenze ntchitoyi. Buxton sanavomere msanga, panatha chaka ndi miyezi. Muyenera kudziwa momwe zinalili pakhomo pake nthawiyo, mu 1820 anali ataika m'manda ana ake 4 m'masabata 5 okha, ndipo mu 1821 mlamu wake Priscilla Gurney ali pafupi kutsirizika anamuitana nkumudandaulira za akapolo. Mkazi wake Hannah anali mng'ono wake wa Elizabeth Fry, mayi uja anasintha ndende ya azimayi ya Newgate, ndiye nkhani za ndende, za kunyonga anthu ndi za ukapolo zinkakambidwa pa tebulo limodzi ndi anthu omwewo. Ichi ndi chifukwa chake mukamawerenga za okonza zinthu a nthawi imeneyo mayina amangobwerezabwereza.

Tsono mabuku a sukulu amati Buxton anachita chakuti, Buxton analankhula chakuti. Makalata amationetsa manja ena. Mwana wake wamkulu Priscilla ndi amene ankasonkhanitsa umboni, kukopera, kukonza zolankhula za bambo ake ndi kuyankha makalata. Azimayi sankaloledwa kukhala mu holo ya nyumba ya malamulo, ankakwera kudenga nkumasuzumira pa kabowo kotulutsira mpweya ndi utsi wa makandulo, ndipo nkhani yatsatanetsatane ya mtsutso wa May 1832, pomwe anzake enieni a Buxton ankamunyengerera kuti asaitanitse voti iye nkukana, anagonja koma aphungu 90 anaima naye, timaidziwa kuchokera m'kalata yomwe Priscilla analembera azakhali ake. Azakhaliwo, Sarah Buxton, ankakhala ndi Anna Gurney m'kanyumba ka ku Northrepps. Anna anapuwala miyendo ali khanda, ankayenda pa mpando wa matayala, koma anali katswiri wa zilankhulo, ndipo anathandiza kwambiri kulemba lipoti la 1837 la komiti ya nyumba ya malamulo pa nkhanza zomwe atsamunda ankachitira eni nthaka, kuphatikizapo ku South Africa. Pa lipotilo dzina lake mulibe. Popanda makalata apabanja sitikanadziwa. Mu 1833 Priscilla anali mmodzi wa otsogolera chikalata cha azimayi chokhala ndi masiginecha 187,000, ndipo tsiku la ukwati wake anasankha 1 August 1834, tsiku lomwe lamulo lomasula akapolo linayamba kugwira ntchito.

Makalata omwewa amaulula zomwe anthuwa sakanafuna tizidziwe, ndipo ine ndimati ana aziuzidwa. Mu 1824 Elizabeth Heyrick wa ku Leicester analemba kabuku kotsutsa zoti akapolo amasulidwe pang'onopang'ono monga ankanenera atsogoleri achimuna, iye anati amasulidwe pompano, ndipo azimayi anayamba kuyenda khomo ndi khomo kuuza anthu asiye kugula shuga wolimidwa ndi akapolo. Wilberforce mu 1826 analembera Babington kuti zoti azimayi azichita misonkhano, kusindikiza ndi kuyenda m'makomo sizoyenera mkazi monga mwa Malemba. Analakwa, ndipo mbiri inaonetsa kuti analakwa, chifukwa pofika 1830 bungwe lonse linatsata mfundo ya azimayiwo.

Chenjezo ndi ili, makalata apabanja amasungidwa ndi banja, ndipo banja limasankha. Wilberforce anamwalira pa 29 July 1833, masiku atatu atamva kuti bilu idutsa ndithu. Mu 1838 ana ake awiri, Robert ndi Samuel, anatulutsa mbiri ya bambo awo m'mabuku 5 pogwiritsa ntchito makalata ndi madayale, ndipo pofuna kukweza bambo awo anamuchepetsa Clarkson, mpaka kusindikiza makalata ake achinsinsi a nthawi yomwe anadwala ndalama zitamuthera anzake nkumusonkhera, kuti aoneke ngati anali waganyu wolipidwa. Clarkson apo nkuti ali ndi zaka 78, maso osaona bwino, anachita kulemba buku loyankha. Anawo anadzapepesa pambuyo pake nkuchotsa ndimezo, koma chilonda chinakhalitsa, kwa zaka zambiri anthu ankadziwa Wilberforce yekha. Chimandipweteka ndi choti amuna awiriwo paokha ankalemekezana mpaka imfa, anawadanitsa ndi olowa m'malo. Ndiye mukagwira buku la makalata osindikizidwa muzifunsa kaye kuti anasankha ndani, anasiya ati.

Tibwere ku funso lanu lachiwiri, ndipo sindikuzembani. Eya, ambiri anali olemera, a mabanki, a fakitale ya mowa ngati Buxton, eni minda. Lamulo la 1833 linapereka mapaundi 20 miliyoni kwa eni akapolo ngati chipukuta misozi, akapolo pafupifupi 800,000 aja sanalandire olo kobiri, ndipo anawakakamiza kugwirabe ntchito kwa mabwana omwewo mpaka 1838. Ndipo makalata omwe anapulumuka ndi a anthu omwe anali ndi nyumba zosadontha, makabati, ndi adzukulu ophunzira. Olaudah Equiano, yemwe anali kapolo nkudziwombola yekha, ndi amene mu March 1783 anapita kukauza Granville Sharp, mzungu womenyera akapolo ufulu m'makhoti, za sitima ya Zong momwe anthu oposa 130 anaponyedwa m'nyanja amoyo kuti eni sitima akatenge ndalama za inshuwalansi. Anazungulira Britain ndi Ireland akugulitsa buku lake, ankadziwana ndi anthu ambirimbiri, koma makalata ake apamtima otsala ndi owerengeka. Imodzi ndi ya May 1792, analembera ali ku Edinburgh mnzake Thomas Hardy, wosoka nsapato yemwe ankamusunga kunyumba kwake ku London, ndipo muli nkhani za mkazi wake Susanna yemwe anali atangomukwatira kumene komanso za ulendo wake. Mukudziwa inapulumuka bwanji? Boma linamanga Hardy mu 1794 pa mlandu woukira nkulanda mapepala ake onse, kalatayo inakhala mu fayilo ya boma mpaka lero. Anaisunga ndi aboma, osati banja.

Mary Prince wa ku Bermuda nkhani yake inatuluka mu 1831, koma anailemba ndi dzanja la Susanna Strickland m'nyumba ya Thomas Pringle, sekilitale wa bungwe lolimbana ndi ukapolo, komwe Mary ankagwira ntchito ya m'nyumba. Samuel Sharpe, dikoni wa Baptist ku Jamaica yemwe anatsogolera akapolo masauzande kunyanyala ndi kuukira pa Khirisimasi ya 1831, ananyongedwa ku Montego Bay mu May 1832, ndipo kuukira kumeneku kunaopsa London kuposa zikalata zambiri. Alibe bokosi la makalata. Anthu ake ankapangana pakamwa akatuluka m'mapemphero. Ndiye muwauze ana kuti kusowa kwa pepala sikutanthauza kusowa kwa ntchito kapena kwa ubwenzi, ndipo osawerenga makalata a ku Clapham ngati kuti ndi nkhani yonse.

Ku America kuli nkhani imodzi yomwe imasonkhanitsa mbali zonse ziwirizi m'banja limodzi. Sarah ndi Angelina Grimké anabadwira ku Charleston m'banja la jaji wokhala ndi akapolo ambiri, anachoka kwawo nkupita ku Philadelphia chifukwa cha chikumbumtima. Mu August 1835 Angelina analembera kalata William Lloyd Garrison yomulimbikitsa pa nthawi yomwe magulu achiwawa ankasaka olimbana ndi ukapolo, Garrison anaisindikiza mu nyuzipepala yake The Liberator osamupempha, ma Quaker anzake anamuuza aibweze, anakana, moyo wake unasinthira pomwepo. Chibwenzi chake ndi Theodore Weld, mnzake wolimbana ndi ukapolo, chinayambira m'makalata okangana za ufulu wa azimayi, anakwatirana pa 14 May 1838 alendo akuda ndi azungu atakhala pamodzi, patatha masiku atatu gulu la anthu linatentha Pennsylvania Hall momwe Angelina anali atangolankhulamo miyala ikuswa mawindo. Atatuwa, mwamuna, mkazi ndi mlamu, anakhala nyumba imodzi nkusanthula manyuzipepala a kummwera pafupifupi 20,000, kudula zidziwitso za eni akapolo osaka othawa, zotchula zipsera za chikoti ndi makutu odulidwa, nkupanga buku la umboni la 1839.

Tsono mu February 1868, ukapolo utatha kale, Angelina anawerenga mu nyuzipepala za mnyamata wakuda wa pa Lincoln University yemwe ankamuyamikira kwambiri, dzina lake Grimké. Dzina limeneli silofala. Anamulembera kalata kumufunsa ngati anali kapolo wa mmodzi wa alongo ake. Yankho linabwera kuchokera kwa Archibald Grimké loti iye ndi abale ake Francis ndi John ndi ana a Henry Grimké, mlongo wake weniweni wa Angelina, omwe anabereka ndi Nancy Weston, mayi yemwe anali kapolo wake, ndipo Henry atamwalira mu 1852 mwana wake wa kwa mkazi wachizungu anadzawagwiritsa ntchito yaukapolo abale akewo. Taganizani mayi wa zaka 63 yemwe watha moyo wake wonse akulankhula za tchimo limeneli, lero akulipeza m'magazi ake. Akanatha kupinda kalatayo nkuiika pansi pa bokosi, palibe akanadziwa. Koma anayankha kuti ndine zakhali wanu, anapita kukawaona ku sukuluko chaka chomwecho, ndipo iye ndi Sarah, omwe sanali olemera, anathandiza fizi. Akuluakulu amati chibale ndi fupa sichiola, koma apa fupalo linafunika munthu wolimba mtima woti alivomere poyera m'dziko lomwe linkati mzungu ndi wakuda sangakhale pachibale. Archibald anamaliza zamalamulo ku Harvard nkudzakhala mmodzi wa atsogoleri a NAACP, bungwe lomenyera ufulu wa anthu akuda ku America, mwana wake wamkazi anamutcha Angelina Weld Grimké. Francis anakhala m'busa ku Washington nkukwatira Charlotte Forten, mdzukulu wa James Forten, wamalonda wakuda wa ku Philadelphia yemwe ndalama zake zinathandiza Garrison kuyambitsa nyuzipepala ija mu 1831.

Ubwenzi wina unasweka, ndipo timauona ukusweka m'makalata momwemo. Frederick Douglass, yemwe anathawa ukapolo ku America nkukhala mtsogoleri wolimbana nawo, ufulu wake anaugula ndi azimayi awiri apachilamu a ku Newcastle, Ellen ndi Anna Richardson, omwe anasonkhanitsa mapaundi 150 mu 1846. Atabwerera ku America anafuna nyuzipepala yakeyake, Garrison yemwe anali ngati mkulu wake sanakondwe. Mu 1847 Garrison anadwala kwambiri ku Cleveland ali pa ulendo womwe anayamba limodzi, ndipo analembera mkazi wake Helen kudandaula kuti Douglass sanamulembere olo mzere umodzi kufunsa za matenda ake. Mkangano wawo waukulu unali wa mfundo, ngati malamulo oyendetsera dziko la America amavomereza ukapolo kapena ayi, komanso woti munthu wakuda adziyankhulire yekha osadikira chilolezo, koma kuwawa kwa mtima kunayambira pa kalata yosalembedwa. Ndipo mkazi wa Douglass, Anna Murray, yemwe ndalama zake zinamuthandiza kuthawa mu 1838 ndipo anasunga othawa ukapolo m'nyumba mwake ku Rochester, sankadziwa kuwerenga, makalata a mwamuna wake ankamuwerengera ndi ana. Zaka 44 za banja, mawu ake olembedwa ndi dzanja lake palibe.

Mwina ana anu afunsa kuti ife zikutikhudza pati. Ulusi wake ulipo ndithu ndipo si wokakamiza. Pa 1 June 1840 ku Exeter Hall mu London kunali msonkhano waukulu wa bungwe la Buxton lofuna kuthetsa malonda a akapolo mkati mwa Africa kudzera mu malonda ena ndi Chikhristu, mmodzi wa olankhula anali Samuel Wilberforce yemwe uja, ndipo m'gulu la omvera munali mnyamata wophunzira udokotala, David Livingstone. Ulendo wa ku Niger wa 1841 womwe Buxton anaukonza unalephera, anthu ambiri anafa ndi malungo ndipo Buxton zinamuswa mtima, koma ganizolo ndi lomwe Livingstone anafika nalo ku Shire ndi ku nyanja yathu mu 1859. Naye anali m'maukonde omwewa a chibale, mkamwini wa Robert Moffat, ndipo makalata ake kwa ana ake ndi owawa kuwerenga chifukwa akuonetsa bambo yemwe anawo ankamudziwa kwambiri papepala kuposa pamaso. Mwana wake woyamba Robert, yemwe sankamvana naye, anakapezeka ali msilikali wa kumpoto pa nkhondo ya pachiweniweni ya ku America atasintha dzina, ndipo anafera mu kampu ya akaidi ku North Carolina mu 1864 ali ndi zaka 18.

Mu July 1861 Livingstone ndi gulu la Bishopu Mackenzie la UMCA, mishoni ya Anglican, anamasula akapolo 84 pa mudzi wa Mbame nkupita nawo ku Magomero. Mwa omasulidwa m'masiku amenewo munali kamnyamata ka Chiyao dzina lake Chuma, ndipo mwa azungu a mishoniyo munali Horace Waller, yemwe anadzakhala mnzake wa Livingstone wolemberana naye makalata mpaka kumapeto. Livingstone atamwalira kwa Chitambo mu May 1873, Chuma ndi Susi, wantchito wina wa Livingstone, ndi anzawo ananyamula mtembo ndi mapepala ake onse miyezi 9 mpaka ku Bagamoyo. Maliro a ku Westminster Abbey pa 18 April 1874 awiriwa sanakhalepo, anafika ku Britain pambuyo pake, tikiti atawalipirira James Young, mnzake wa Livingstone wa pa unyamata ku Glasgow. Waller ndi amene anapatsidwa madayale aja kuti awakonze, anachotsamo zambiri zomwe zikanachepetsa ulemu wa mnzakeyo, monga mawu aukali onena anthu ena, ndipo pa masabata omaliza pomwe dayale inali itangotsala madeti okha, anakhala pansi ndi Chuma ndi Susi nkumawafunsa tsiku ndi tsiku, anawoloka mtsinje uti, anagona mudzi uti, ananena chani usiku womaliza. Mpaka anamanga kachitsanzo ka khumbi lomwe Livingstone anamwaliriramo kuonetsa momwe linalili. Zambiri zomwe dziko lonse limadziwa za imfa ya Livingstone zinatuluka pakamwa pa amuna awiriwa, mmodzi wa iwo mwana uja anamasulidwa goli kumapiri a Shire zaka 13 m'mbuyomo, koma pachikuto cha bukulo panalembedwa dzina la Waller.